Za Mau a Cingerezi Amene Wodwala Asowa

Akuru a kale anati, wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mwambi umenewu tinaumva tiri ana, ndipo taufotokozera ana a anthu zaka zambiri, tiri kuyesa kuti tinaudziwa wonse. Koma m'caka ca 2020 tinaona mbali yace yina imene sitinaiganizire ndi kale lonse. Munthu angathe kumva ululu, nadzuka, natsekula citseko ca nyumba yace, nayenda kufikira ku cipatala. Koma pamenepo napeza citseko cina cokhoma, cimene mfungulo yace ndiyo mau a cinenero ca eni dziko. Za citseko cimeneci tifuna kukamba nanu mwezi uno. Ndipo tiyenera kuyamba ndi kubvomera kulakwa kwa ife eni, pakuti si bwino kuti mphunzitsi aziwerenga zolakwa za ana okha, nabisa zace.

Ife ndife aphunzitsi a sukulu ya kumudzi, ndipo Cingerezi taciphunzitsa zaka zoposa 20. Phunziro la ziwalo za thupi ndi la matenda tinali kuliphunzitsa motere: tinalemba mzere woongoka pakati pa bolodi, kumanzere mau a Cingerezi, kumanja mau a Cicewa, liu liri lonse lopenyana ndi linzace. "Head," mutu. "Chest," cifuwa. "Malaria," malungo. "Cold," kuzizira. "Short," cacifupi. "To hear," kumva. Ana anaimba mau amenewa onse pamodzi kufikira malata a padenga anayankha, nawalemba m'makope ao, nakhoza mayeso. Ndipo ife tinapita kwathu okondwa, ndi kunena mumtima kuti nchito yatha. Sitinadzifunse tsiku ndi limodzi lomwe kuti, Kodi mwana uyu, pamene thupi lidzamtentha ali kutali ndi amace, adzatha kulumikiza mau awa kuti akhale ciganizo cimene namwino angacimve?

Tsono kunadza mliri. M'mwezi wa Disembala 2019 kunamveka mbiri ya nthenda ya m'mapapo mu mzinda wa Wuhan, ku China. Pa 11 Febuluwale 2020 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linaicha nthendayo COVID-19. Ndipo pa 11 Marici linalengeza kuti yasanduka mliri wa maiko onse. Kuno ku Malawi sukulu zinatsekedwa pa 23 Marici, ndipo odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Tinakhala pakhonde coko ali m'thumba wopanda nchito, tiri kumvera wailesi, ndipo makutu athu anadzala ndi mau acilendo amene sanalembedwepo pa bolodi lathu: "symptoms," "isolation," "quarantine," "positive." Tinawalemba m'kope monga mwa cizolowezi ca aphunzitsi, koma tinayesa kuti ndi mau a madotolo ndi a nduna za boma, osati a munthu wamba.

Panali mnyamata wina amene anaphunzira kwa ife kufikira Sitandade 8. Dzina lace sitilichula pano. Anali wolimbika, wa dzanja labwino polemba, koma ndalama za sekondale zinasowa. Ndipo monga acitira anyamata ambiri a kwathu, anatsikira ku Johannesburg, kumene anthu amati ku Joni, napeza nchito yosamala maluwa pa nyumba ya munthu wina. Cingerezi ca nchito yace anacidziwa bwino: ca khasu, ca madzi, ca malipiro ndi ca pa basi. Usiku wina wa mwezi wa Julayi 2020, nthawi ya cisanu, pamene mliri unakula kwambiri m'cigawo ca Gauteng mmene muli mzinda umenewo, lamya yathu ya m'manja inalira. Tinadzuka ndi mantha, pakuti lamya ya usiku siidza ndi zabwino kawirikawiri. Ndipo tinamva mau a mnyamata uja, nati, "Aphunzitsi, pepani ndakudzutsani. Ndifuna mundithandize liu limodzi lokha."

Tinati, "Nena, mwanawe." Pamenepo anatifotokozera zonse. Atadwala masiku 3, anamwa mankhwala ogula pa sitolo oziziritsa thupi, napita ku kacipatala ka pafupi. Namwino anamfunsa cimene cinali kumbvuta, ndipo iye anayankha monga tinamphunzitsa ife, nati, "I have malaria." Namwino anadabwa, namfunsa ngati anacokapo mu mzindamo masiku apitawo, pakuti Johannesburg ali pamwamba, mamita ngati 1,750 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo malungo a udzudzu sali nthenda ya kumeneko. Iye anati sanacoke zaka 2. Namwino anayamba kumfunsa mafunso ena, mau ace ali kutuluka m'kati mwa nsaru yochinga pakamwa ndi mphuno. Ndipo funso liri lonse limene mnyamatayo sanalimvetse analiyankha kuti "No," cifukwa ca manyazi. Anayesa kunena kuti ndiwo sizinali kumkomera, nati, "I do not hear the food." Ena a pamzere anaseka, ndipo iye anatseka pakamwa. Namwino anamuuza kuti akakhale yekha m'nyumba, nabwereza katatu mau ena, amene mnyamatayo anasunga kamvekedwe kace koma tanthauzo lace iai.

Ndipo anati, "Aphunzitsi, anandiuza kuti ndibwerere msanga ndikakhala 'short of breath.' Inu munati 'short' ndi cinthu cacifupi, ndipo 'breath' ndi mpweya. Nanga mpweya waufupi nciani?" Pamene anali kufunsa ife tinachera khutu, ndipo tinamva kuti anali kuima atanena mau awiri kapena atatu, monga munthu wokwera phiri atasenza thumba la cimanga. Thupi lathu lonse linazizira. Pakuti cinthu cimene anali kufunsa tanthauzo lace cinali kale m'cifuwa mwace. Tinati, "Mwanawe, ndiko kubanika kumene uli kubanika tsopano lino. Dzutsa mnzako amene ugona naye nyumba imodzi, mupite ku cipatala usiku womwe uno. Pakhomo ukanene mau awa: 'I am short of breath. I have had a fever and a cough for six days. I cannot smell or taste.' Bwereza, timve." Anabwereza kawiri, mopumira, monga anali kucitira ali mwana pa benci la kutsogolo, ndipo lamya inaduka.

Usiku umenewo sitinagone. Patapita masiku awiri mnzace anatitumizira uthenga kuti anamlandira, namuyeza, nampeza ndi kacirombo kaja, ndipo anali kupuma ndi thandizo la mpweya wa okosijeni. Mnyamatayo anacira. Koma ife tinatsala ndi mlandu woti tiuweruze tokha. Namwino sanalakwe, pakuti ananena mau oyenera, nawabwereza katatu. Mnyamata sanalakwe, pakuti liu liri lonse analigwiritsa nchito monga momwe analilandirira. Olakwa ndife, amene tinampatsa njerwa zokhazokha, osamuonetsa kamangidwe ka nyumba. Ndipo zina za njerwazo zinali zokhota. Cifukwa cace tinatenga kope latsopano, ndi kuyamba kuphunziranso mau amene tinayesa kuti tinawadziwa. Zimene tinapeza tizilemba pano, kuti wina asapunthwe pa citsa cimene tinapunthwapo ife.

Liu loyamba ndi malungo. Pa Cicewa ca kumudzi, munthu akatentha thupi, akaphwanya m'mfundo ndi kunjenjemera, timati ali ndi malungo, osafunsa cimene cawadzetsa. Koma pa Cingerezi pali mau awiri osiyana. "Fever" ndiko kutentha kwa thupi kokha: thupi la munthu wabwinobwino likhala pa madigiri ngati 37, ndipo likafika pa 38 kapena kupitirira, imeneyo ndiyo "fever." "Malaria" ndi nthenda imodzi yokha, ya tizirombo timene udzudzu wa mtundu wa Anopheles umalowetsa m'magazi, ndipo imadziwika poyeza dontho la magazi a pa cala. Kutentha thupi kuli ngati utsi: kuonetsa kuti pena pali moto, koma sikunena cimene ciri kupsa. Kusiyana kumeneku kuli ndi kanthu ngakhale kwathu kuno. Pakuti munthu amene aganiza kuti kutentha thupi kuli konse ndi malungo a udzudzu adzafunafuna mankhwala a LA, pamene mankhwala amenewo sapha kacirombo ka COVID-19 kapena ka cimfine, ndipo masiku ofunika adzapita pacabe.

Laciwiri ndi cifuwa. Ife timati, "Ndiri ndi cifuwa," ndipo ali yense amamva kuti tiri kutsokomola. Koma wonena kuti "I have a chest" sananene kanthu, pakuti munthu ali yense ali naco cifuwa. Kutsokomola ndi "cough." Kukakhala kouma, kopanda makhololo, monga kunali kucitikira ambiri odwala COVID-19, amati "dry cough", makhololo ndiwo "phlegm," liu limene limayamba ndi kamvekedwe ka f, ndipo g wace sachulidwa. Kuwawa kwa m'cifuwa ndi "chest pain." Ndipo cifuwa cacikuru sici "big chest" iai, koma "tuberculosis," kapena TB, ndi cifukwa cace namwino amafunsa masiku amene munthu wakhala ali kutsokomola, popeza wotsokomola masabata 2 kapena kupitirira ayenera kuyezedwa nthenda imeneyo. Taonani tsono, liu lathu limodzi liri ndi makomo anai pa Cingerezi, ndipo wolowa pa khomo losayenera afika ku cipinda cina.

Lacitatu ndi "cold," liu lonyenga kwambiri. Wonena kuti "I am cold" ali kumva kuzizira, ndipo angampatse bulangeti; wonena kuti "I have a cold" ali ndi cimfine. Ndiponso cimene ife timacicha cimfine Angerezi amacigawa: "cold" ndi cimfine wamba ca mamina ndi kuyetsemula, pamene "flu" ndi cija cogwetsa munthu pa mphasa ndi kutentha thupi ndi kuphwanya. Izi ziwiri pamodzi ndi COVID-19 zimadza ndi tizirombo tosiyana, cinkana zizindikiro zace zifanana kotero kuti kuyeza kokha ndiko kungazilekanitse bwino. Kuyetsemula ndi "sneezing." Mamina akamatsika amati "runny nose," mphuno zikatsekeka "blocked nose." Kuwawa kwa pakhosi ndi "sore throat," ngakhale palibe cironda cooneka ndi maso. Kunjenjemera ndi kuzizidwa thupi liri lotentha ndi "chills." Kuphwanya m'thupi ndi "body aches." Ndipo "fatigue" sindiko kutopa kwa munthu wocokera kumunda, kumene kumatha ndi nsima ndi tulo, koma kufooka kumene munthu amadzuka nako m'mawa.

Lacinai ndi lija linaseketsa anthu pamzere, ndilo kumva. Cicewa cathu cinamanga mtolo waukuru ndi luzi limodzi: timamva mau, timamva pfungo, timamva kukoma kwa ndiwo, timamva kuwawa, ndipo timamva zimene mnzathu afotokoza. Cingerezi cimamasula mtolowo, nicipatsa ciri conse dzina lace: "hear" ndi kwa makutu, "smell" kwa mphuno, "taste" kwa lilime, "feel" kwa thupi, "understand" kwa nzeru. Mnyamata uja sananame, ananena cizindikiro cimene madotolo anali kucifunafuna kwambiri m'caka cimeneco, ndico kuleka mwadzidzidzi kumva pfungo ndi kukoma kwa cakudya, cimene iwo amacicha "loss of smell and taste." Anali ndi coonadi m'kamwa mwace, koma anacibveka cobvala cimene eni dziko sanacizindikire. Ndipo cobvalaco tinamsokera ndife, tsiku lija tinalemba pa bolodi kuti "to hear," kumva, ndi kuika mpumiro.

Atsala mau a mliri amene tinawamva pa wailesi. "Symptom" ndi cizindikiro cimene wodwala mwini amacimva ndi kucinena. "Contagious" ndi nthenda yopatsirana. Ndipo COVID-19 imapatsirana ndi timadontho ndi mpweya wotuluka m'kamwa ndi m'mphuno potsokomola, poyetsemula, polankhula ndi popuma pomwe. Zizindikiro zace zingayambe patapita masiku 2 kufikira 14 munthu atatenga kacirombo, ndipo ena sadwala konse, koma angapatsire anzao: amenewo ndiwo "asymptomatic." "Positive," liu limene m'nkhani zina linena zabwino, ku cipatala litanthauza kuti kacirombo kapezeka, monga ambiri a ife tinaphunzira ndi misozi m'zaka za Edzi. Kubindikira nakonso kuli pawiri: "isolation" ndiko kupatula amene wapezeka ndi nthenda, ndipo "quarantine" ndiko kupatula amene anakhala pafupi ndi wodwala, kufikira zioneke ngati watenga, m'caka ca 2020 anali masiku 14.

Pofufuza mau amenewa tinapezanso cinthu cimene cinatitonthoza mtima, ndico cakuti Angerezi naonso ambiri a mauwa anabwereka, ndipo ena anachulidwa anthu asanadziwe cimene cidzetsa nthenda. "Malaria" ndi Citaliyana, kutanthauza mpweya woipa, pakuti anthu anayesa kuti nthendayo icokera ku nthunzi ya m'madambo, kufikira m'caka ca 1897 pamene Ronald Ross anapeza tizirombo tace m'mimba mwa udzudzu ku India. "Influenza" ndi Citaliyananso, ndipo linayamba ndi ganizo lakuti mliri umadza ndi mphamvu ya nyenyezi. "Quarantine" licokera ku liu lotanthauza 40, ndiwo masiku amene zombo zinali kudikira kunja kwa doko la Venice m'nthawi za miliri ya kale. Ndipo "corona" ndi Cilatini, cisoti cacifumu, cifukwa ca timinga tozungulira kaciromboko. Ngati eni cinenero anabwereka ndi kuphonya cotere, mwana wa ku Dedza kapena ku Mwanza acitirenji manyazi pofunsa tanthauzo?

Ndiponso makolo athu sanaope liu lacilendo. Kumapeto kwa caka ca 1918, pamene nkhondo yaikuru yoyamba inali kutha, mliri wa "influenza" unafika m'dziko lino, limene pa nthawiyo linali kuchedwa Nyasaland. Pa dziko lonse oyerekeza ambiri amati unapha anthu ngati 50 miliyoni. Agogo athu, ambiri osadziwa kuwerenga, anagwira liu lija, nalipinda kuti likwane m'kamwa mwao, nati fuluwenza. Ndipo liri nafe kufikira lero. Iwo anaona kuti nthenda yatsopano ifuna dzina, kuti anthu athe kucenjezana. Ife a m'badwo wa sukulu ndife amene tinaphunzira kuopa kulakwa pamaso pa anthu koposa kuopa nthenda. Ndipo "No" wa mnyamata uja, amene anamuyankha cifukwa ca manyazi, anabadwira m'kalasi mmene mwana wophonya anali kusekedwa. Akuru anati, safunsa anadya phula. Koma mwana amafunsa kokha kumene kufunsa sikulangidwa.

Pamene ana a Sitandade 8 anabwerera ku sukulu pa 7 Sepitembala 2020, ndi ena onse pa 12 Okutobala, tinafafaniza mzere uja wa pakati pa bolodi. Tinaika benci kutsogolo. Mwana mmodzi anakhala namwino, wina wodwala. Wodwala ayenera kuyankha zinthu zitatu m'ziganizo zathunthu: cimene ciri kumbvuta, malo amene ciri, ndi tsiku limene cinayamba. Mau akamthera aloze ndi dzanja, pakuti dzanja lilibe cinenero. Tinaonjezapo ziganizo zitatu zimene tinati ndizo ndodo ya paulendo: "I do not understand." "Please say it again slowly." "Is there someone who speaks Chichewa?" Ndipo zizindikiro zoopsa, zimene zifuna cipatala nthawi yomweyo, anaziloweza pamtima m'zinenero zonse ziwiri: kubanika, kuwawa kapena kulemera kwa m'cifuwa kosaleka, kusokonezeka mutu, kulephera kudzuka, ndi milomo yotuwa. Poyamba ana anaseka kwambiri, makamaka potsanzira nkhalamba yodwala. Ife tinawaleka aseke, koma wophonya liu sitinalole kuti asekedwe.

Pamasewero amenewa tinaona bvuto lina limene sitinaliyembekeze: ana ambiri sanadziwe mau a Cicewa comwe. Zonse kwa iwo zinali "ndikudwala" ndi "kukuwawa." Litsipa sanalidziwe, phuma sanalidziwe, ndipo ena anasokoneza makhololo ndi malobvu. Tsono tinawatuma kwa agogo ao, kuti ali yense abwere ndi mau 5 onena za kudwala. Anabwera nao ambiri: kubaya kwa m'nthiti, kulasa, kuwotca, kunyung'unya, kuthimbirira kwa maso, cizungulire, kusasa mau, kupuma mwa wefuwefu. Pamenepo tinaona kuti cinenero cathu sicisauka. M'malo ena ciposa ndi Cingerezi ca m'mabuku a sukulu. Tinaphunziranso kuti mwana amene sadziwa kuchula ululu wace m'cinenero ca amace sangathe kuuchula m'cinenero ca mlendo, pakuti womasulira ayenera kuyamba wadziwa cimene afuna kumasulira. Cotero phunziro la Cingerezi linasanduka phunziro la zinenero ziwiri, ndipo zonse ziwiri zinapindula.

Wina adzati, Kodi wodwala ayenera kusenza katundu wa cinenero pamwamba pa katundu wa nthenda? Kodi si cipatala cimene ciyenera kulankhula mau a wodwala? Tibvomera ndithu, ndipo kwathu kuno anamwino amalankhula nafe m'zinenero zathu, ndi mauthenga a mliri anafalitsidwanso m'Cicewa. Koma kabuku ka ku cipatala kamene ali yense amasunga m'nyumba kamalembedwa m'Cingerezi. Mapepala a m'mabokosi a mankhwala ali m'Cingerezi. Ndipo ana athu saleka kupita ku South Africa, ku Britain ndi kwina, kumene womasulira sapezeka usiku. M'mwezi wa Januwale 2021 mliri unabweranso ndi ukali woposa. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo sukulu zinatsekedwanso. M'masiku amenewo mai wina anatipeza panjira, natiuza kuti mwana wace wamkazi wa Sitandade 7 anakana kutumidwa kukagula mankhwala a malungo a atate wace, nati, "Amai, kutentha thupi si malungo nthawi zonse, ndipo tamvani mmene ali kupumira. Tiyeni nao ku cipatala." Ndipo anapita nao.

Katemera woyamba anafika m'dziko lino pa 5 Marici 2021, ndipo pa 5 Meyi 2023 a WHO analengeza kuti COVID-19 yaleka kukhala ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma kacirombo sikanathe, fuluwenza amadza ndi nyengo yozizira caka ndi caka, ndipo mabasi a ku Joni adzazabe. Cifukwa cace tipempha aphunzitsi anzathu: musaope kusiya ndandanda ya mau ndi kuika benci kutsogolo, ngakhale ola limodzi pa sabata. Ndipo inu makolo, amene muli ndi mwana wofuna kupita kutali, pomlongedzera ufa ndi nsinjiro mumfunsenso kuti, Ukabanika usiku, udzati ciani kwa namwino? Akasowa coyankha, ulendo usayambe kufikira atadziwa.

Mnyamata uja anabwera kudzaona makolo ace mliri utacepa, nafika ndi ku sukulu, atatenga paketi ya shuga m'manja. Tinampempha kuti akhale pa benci, akhale wodwala, ndipo kamtsikana kena kakang'ono kanakhala namwino. Kanamfunsa molimba mtima, nkhope iri gwaa, kuti, "Are you short of breath?" Iye anakhala cete kanthawi, natipenya ife, natembenukira kwa ana onse, nati, "Ana inu, funso ili mulisunge. Ine ndinaliyankha kuti 'No' ndisanalimve, ndipo ndinatsala pang'ono kubwera kuno m'bokosi." M'kalasi munali zii. Pambuyo pace kamtsikana kaja kanakweza dzanja, monga ngati kaiwala kuti ndiko namwino, nikati, "Aphunzitsi, nanga cizungulire ndi ciani pa Cingerezi?" Tinatenga coko ndi kulemba "dizziness," ndipo pansi pace ciganizo cathunthu, "I feel dizzy when I stand up."